Chaching'ono Sindiye Kuti N'chachabe

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndine mmodzi mwa anthu amene adalidya phulalo, ndipo chidandidyetsa ndi liwu limodzi lokha la Chingerezi. Ndapempha malo m'magazini yathu ino kuti ndifotokoze zimene zidandigwera, osati kuti mundimvere chisoni ayi, koma chifukwa ndikuona kuti ambirife pano pa seminale tikuyenda m'njira yomweyo imene idandigwetsa ine.

Chizolowezi chathu mukuchidziwa. Kumapeto kwa kope la Chingerezi timalemba mndandanda wa mawu amene timati ndi ofanana matanthauzo. Kumanzere timaika liwu lodziwika, pakati timajambula timizere tiwiri tija ta pa masamu totanthauza kuti zinthu n'zofanana, ndipo kumanja timandandalika mawu akuluakulu oti tikadabwitse nawo ochonga mayeso. M'kope mwanga mudali mzere wina umene kumanzere kudali "small" ndi "unimportant", ndipo kumanja kudali "minor", "negligible", "insignificant", "paltry", "petty", "trivial", "frivolous", "irrelevant" ndi "immaterial". Ndidawaloweza onse monga timalowezera matebulo a masamu. Maganizo anga lero ndi akuti timizere tiwiri timeneto timanama, ndipo bodza lake likhoza kupweteka munthu.

Teremu yoyamba ya Fomu 3 fizi idavuta kwathu, pakuti chimanga sichidachite bwino. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amagwira ntchito yosamala maluwa pa nyumba ya munthu wina ku Johannesburg. Iwowa adatumiza ndalama zokwana theka la fizi, ndipo mu uthenga umene adatumizira amayi adati, "Landirani kangachepe aka, mwanayo asaleke sukulu." Amayi adandiuza kuti ndilembe kalata yothokoza. Ine ndidafuna kuti amalume aone okha kuti thukuta lawo silikupita pachabe, choncho ndidaganiza zolemba m'Chingerezi. Nditafika pa liwu lija loti kangachepe, ndidatsegula kope langa n'kusankha liwu limene lidaoneka lachilendo kuposa onse. Ndidawathokoza chifukwa cha "paltry sum" imene adanditumizira, ndipo ndidamata envulopu ndikudzimva kuti ndine katswiri.

Amalume sukulu adalekezera Sitandade 6. Kalata itafika adakondwa kwambiri kuti mwana wa mlongo wawo akulemba Chingerezi chozama, mpaka adakaionetsa kwa bwana wawo monyadira. Bwanayo atawerenga adawafunsa ngati mnyamatayu adakangana nawo, ndipo adawamasulira zimene liwulo limanena.

Ine ndidazimva pa tchuthi. Tsiku lina titatha kudya nsima ya madzulo, amayi adandiitanira pakhonde nati, "Iwe, amalume ako udawalembera zotani? Akuti wanena kuti ndalama zawo n'zonyozeka. Kodi kwa ansembeko akukuphunzitsani kunyoza makolo?" Ndidasowa chonena. Munthu amene amadzuka m'bandakucha kukathirira maluwa a eni, n'kumadzimana kuti ine ndiphunzire, ndidamuchititsa manyazi pamaso pa bwana wake.

Sukulu itatsegulidwa ndidapita kwa Bambo amene amatiphunzitsa Chingerezi ndi kuwafotokozera zonse. Sadandikalipire. Adangoti, "Tenga dikishonale. Liwu lililonse la pa mndandanda wakowo ukaliyang'ane palokha, uone kumene lidachokera ndi ziganizo zake za chitsanzo. Ubwerenso Loweruka." Ndidakhala masana atatu mu laibulale, ndipo zimene ndidapeza ndi izi.

Choyamba ndidafuna kudziwa chifukwa chake Angerezi ali ndi mawu ambiri chonchi onena chinthu chooneka ngati chimodzi. Yankho lili m'mbiri yawo. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy adagonjetsa England, ndipo kwa zaka zambiri olamulira dzikolo ankalankhula Chifalansa, pamene za m'tchalitchi ndi za maphunziro zinkalembedwa m'Chilatini. Chingerezi chidatola mawu ku zilankhulo ziwirizi popanda kutaya mawu ake akale. "Small" ndi "little" ndi mawu akale a Angerezi eni ake. "Petty" adachokera ku Chifalansa. "Minor", "trivial", "negligible", "insignificant" ndi "frivolous" mizu yake ndi ya Chilatini. Tsono pakhomo pakakhala ana ambiri, sagwira onse ntchito imodzi: wina amapita kubusa, wina kudimba, wina kuchigayo. Mawunso ndi chimodzimodzi. Ndidaona kuti mawu a pa mndandanda wanga agawika patatu. Ena amayeza kukula kwa chinthu, ena amachinyoza, ndipo ena amangonena kuti pano si pamalo pake.

Ndiyambe ndi amene amayeza. "Minor" ndi liwu limene ife a seminale yaing'ono timalinyamula m'dzina la sukulu yathu. Amene timalawako Chilatini tikudziwa kuti "parvus" ndi chaching'ono, "minor" ndi chocheperapo, ndipo "minimus" ndi chochepetsetsa. Choncho "minor" nthawi zonse amayerekeza chinthu ndi chinzake chokulirapo, ndipo alibe chipongwe. Dokotala akati bala ndi "minor" akutanthauza kuti si la ngozi ngati ena, komabe amalitsuka ndi kulimanga. Pa malamulo, munthu amene sadakwane zaka 18 amatchedwa "minor", ndipo malamulowo amamuteteza kwambiri chifukwa cha kuchepa kwakeko. M'Baibulo muli aneneri 12, kuyambira Hoseya mpaka Malaki, amene m'Chingerezi amatchedwa "Minor Prophets". Dzinali adalilandira chifukwa mabuku awo ndi aafupi: Obadiya ali ndi mutu umodzi wa ndime 21, pamene Yesaya ali ndi mitu 66. Palibe wansembe amene angaime pa guwa n'kunena kuti mawu a Amosi ndi opanda pake. Francis Woyera wa ku Assisi, amene gulu lake lidavomerezedwa ndi Papa Innocent III m'chaka cha 1209, adachita kusankha yekha kuti iye ndi anzake azitchedwa abale ang'onoang'ono, ndiye "Friars Minor" m'Chingerezi.

Msuweni wanga wina adandiseka kumudzi kuti ndimaphunzira pa sukulu imene dzina lake lomwe likuvomera kuti ndi yosafunika. Nthawi imeneyo ndidalibe yankho, koma tsopano ndili nalo. Sukulu yathu ndi "minor" poiyerekeza ndi maseminale aakulu, monga ya ku Kachebere ndi ya St Peter's ku Zomba. Ndiponso liwu loti seminale lidachokera ku Chilatini "seminarium", kutanthauza nazale. Mbande ya fodya ikakhala mu nazale ndi yaing'ono ndithu, koma ndiyo imene mlimi amaithirira m'mawa ndi madzulo.

"Negligible" timakumana naye pa phunziro la sayansi. Adachokera ku mneni wa Chilatini "neglegere", kusachisamala chinthu kapena kuchisiya osachitola. Amanena za chinthu chochepa kwambiri kotero kuti ungathe kuchisiya powerengera ndipo yankho silisintha kwenikweni. Tikamawerengera kugwa kwa mwala kuchokera pa denga, timauzidwa kuti mphamvu ya mpweya yoletsa mwalawo ndi "negligible". Kulemera kwa elekitironi nakonso ndi "negligible" powerengera kulemera kwa atomu, pakuti pulotoni imodzi imalemera pafupifupi ngati maelekitironi 1,836. Koma taonani: mukagwetsa nthenga ya nkhuku m'malo mwa mwala, mpweya uja simungausiyenso. Ndipo elekitironi yopepukayo ndi imene imayatsa babu la m'kalasi mwathu usiku. Liwuli silinena kuti chinthu chilibe ntchito. Limangonena kuti pa samu imene tikuchita pano tingathe kuchilumpha.

"Insignificant" ali pafupi ndi "negligible", koma muzu wake ndi "signum", chizindikiro. Ndi chinthu chimene sichikusonyeza kanthu, chosaoneka n'komwe pakati pa zinzake. Pa masamu timaphunzira za "significant figures". Mu 0.005 maziro a kutsogolowo sitiwawerenga, koma mu 5,003 maziro a pakatiwo timawawerenga. Ziro ndi yemweyo, chasiyana ndi malo amene waima. Pa manambala liwuli ndi lozizira bwino, koma mukalinena kwa munthu limaluma, pakuti mwamuuza kuti ndi wosawerengedwa, kaya alipo kaya palibe n'chimodzimodzi.

Tsopano ndifike pa mawu onyoza, kuyambira ndi limene lidandigwetsa. "Paltry" kawirikawiri amanena za ndalama kapena kuchuluka kwa chinthu, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti zachepa mochititsa manyazi poyerekeza ndi zimene zimayenera kuperekedwa. Ndi liwu la wantchito wodandaula za malipiro ake, amene kwathu kuno angati, "Tindalama take tosagula ndi mchere womwe." Zimenezi ndi zimene ndidawauza amalume. Liwu lonena za ndalama zochepa popanda chipongwe lilipo, ndilo "modest". Komabe Bambo aja adandionetsa kuti ngakhale limeneli silikadayenera. Adandifunsa kuti, "Kwanu, munthu akakupatsa mphatso n'kunena kuti kangachepe, iwe umayankha kuti zikomo chifukwa cha kangachepeka?" Ndidati iyayi Bambo. Kangachepe ndi liwu la wopereka, podzichepetsa. Wolandira salibwereza. Mwambo umenewu ndidaudziwa ndili wamng'ono, koma nditangoyamba kulemba Chingerezi ndidauiwala, ngati kuti ulemu umathera pa malire a Chichewa.

"Petty" adachokera ku "petit" wa Chifalansa, kutanthauza chaching'ono. Nthawi zina alibe vuto. "Petty cash" ndi ndalama zochepa zosungidwa mu ofesi zogulira masitampa, shuga ndi zina zotero. "Petty theft" ndi kuba tinthu ting'onoting'ono. Koma liwuli likanenedwa za munthu kapena za khalidwe lake, limatanthauza mtima wochepa, wosunga mangawa pa zinthu zosayenera. Anyamata awiri akakangana kogona chifukwa cha sopo kapena ndowa, wina akhoza kunena kuti ndi "minor quarrel" ndipo wina n'kunena kuti ndi "petty quarrel". Woyambayo wangoyeza kukula kwa mkanganowo. Wachiwiriyo waweruza okanganawo kuti ndi anthu a mitima yaing'ono.

"Trivial" ali ndi mbiri yokoma. "Tri" ndi zitatu, "via" ndi njira, ndipo "trivium" padali pa mphambano ya njira zitatu, pamene anthu wamba amakumana ndi kucheza nkhani wamba. M'masukulu akale a ku Ulaya dzina lomweli lidaperekedwanso ku maphunziro atatu oyambira: galamala, kaganizidwe kolondola ndi luso la kulankhula pagulu. Lero "trivial" ndi chinthu chosayenera kuti munthu ataye nacho nthawi kuchiganizira. Tiyerekeze kuti mnyamata wa Fomu 1 akulira usiku chifukwa chopukwa kwawo. Mukamuuza kuti vuto lake ndi "minor", mwina mwamutonthoza kuti alipo mavuto aakulu kuposa limeneli ndipo lake litha. Mukamuuza kuti ndi "trivial", mwamuuza kuti akukutayitsani nthawi. Sadzabweranso kwa inu.

"Frivolous" sanena za kukula n'komwe. Amanena za chibwana, kusowa kulingalira pamene pafunika kulingalira. Mnyamata akatenga fizi yonse n'kugulira nsapato zodula, ndalamazo si zochepa ayi, koma kagulidwe kakeko ndi "frivolous". Ku khothi liwuli limanenedwa za mlandu umene munthu wausumira wopanda maziko enieni.

Gulu lomaliza ndi la mawu awiri amene sadayenere n'komwe kukhala pa mndandanda wanga. "Irrelevant" ndi chinthu chosakhudzana ndi nkhani imene ili pa bwalo. Funso la mayeso likafunsa za Nyanja ya Malawi, inu n'kulemba masamba awiri za Phiri la Mulanje, aphunzitsi adzalemba liwu limeneli ndi inki yofiira. Sakunena kuti Mulanje ndi kachulu, pakuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika pafupifupi mamita 3,000. Akungonena kuti simudafunsidwe zimenezo. "Immaterial" ndiye ali ndi nkhope ziwiri. Pa mtsutso kapena pa mlandu amatanthauza mfundo imene siisintha kanthu pa chigamulo. Koma amatanthauzanso chinthu chopanda thupi, chosagwirika ndi manja. Wansembe akanena m'kalasi kuti mzimu wa munthu ndi "immaterial", akunena tanthauzo lachiwirili. Wophunzira wodalira mndandanda ngati wanga uja angalembe m'kope kuti Bambo ati mzimu ndi wosafunika.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti m'Chichewa kusiyana kotereku timakudziwa tonse popanda dikishonale. Tili ndi chaching'ono, chochepa, chachabechabe, chopanda pake, zazii, zachibwana, zosakhudza nkhani. Palibe mmodzi wa ife amene angasokoneze mawu amenewa. Timadziwanso kuti "kamwana" likhoza kukhala liwu lachikondi kapena lachipongwe malinga ndi wolinena ndi kanenedwe kake. Mlendo wophunzira Chichewa atati pa ubatizo anene kuti "mwana wachabechabe" pofuna kunena kuti "mwana wamng'ono", ife tingaseke chaka chathunthu, koma mayi wa mwanayo sangaseke. Nanga n'chifukwa chiyani timaganiza kuti Angerezi alibe makutu otere pa chilankhulo chawo?

Ndakambirana nkhaniyi ndi anzanga ndipo ena sakugwirizana nane. Wina adati, "Iwe, pa MSCE pamafunika mawu ambiri, ndiye usatiletse kuloweza." Ine sindikuletsa kudziwa mawu ambiri. Ndikuti kuloweza liwu sindiko kulidziwa. Aphunzitsi athu amatiuza kawirikawiri kuti liwu wamba loikidwa pamalo pake limaposa liwu lalikulu loikidwa polakwika, ndipo ine ndazionera pa kalata yanga.

Wina adati, "Nanga buku lija la mawu ofanana lili mu laibulale, adalemba ndi Mngerezi, likunama?" Silikunama, koma ife ndife timaligwiritsa ntchito molakwika. Peter Mark Roget adatulutsa buku lake ku London m'chaka cha 1852, ndipo m'menemo adasonkhanitsa mawu m'magulu potsata ganizo limene amayandikana nalo. Ndi buku lokumbutsa wolemba liwu limene akulidziwa kale koma lamuthawa. Mlendo wa chilankhulo ngati ine afunika kuyamba wafunsa kwina. A. S. Hornby, amene adaphunzitsa Chingerezi ku Japan, adaona vuto la anthu ngati ife, ndipo dikishonale yake imene a Oxford adasindikiza m'chaka cha 1948 idakonzedwera ophunzira a maiko ena, yokhala ndi ziganizo zosonyeza mmene liwu limagwirira ntchito. Mabuku awiriwa ali pa shelefu imodzi mu laibulale yathu. Ine ndidathamangira mndandanda n'kusiya ziganizo.

Wachitatu adandiseka nati nkhani yonseyi ndi "trivial". Ndidamuyamikira kuti liwulo waliika pamalo pake, koma sindidavomere. Ena mwa ife, Mulungu akalola, adzakhala ansembe. Adzalemba makalata kwa anthu othandiza parishi, adzamasulira zikalata kuchokera m'Chingerezi, adzamvetsera mavuto a anthu osweka mtima. Ena adzakhala aphunzitsi, madokotala kapena alembi a m'maofesi. Kulikonseko kudzabwera munthu ndi nkhani imene kwa iye ndi yaikulu, ndipo liwu limene tidzasankhe poyankha lidzamuuza ngati tamulemekeza kapena tamupeputsa.

Choncho ndili ndi mapempho atatu. Kwa anzanga, tiyeni tifufute timizere tiwiri tija m'makope mwathu. Liwu latsopano tizililemba pamodzi ndi chiganizo chimene talipezamo, ndipo tisanaligwiritse ntchito tizidzifunsa: kodi likuyeza, likunyoza, kapena likuti pano si pamalo pake? Ndi bwino kuphunzira mawu atatu pa sabata n'kuwadziwa ndithu, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Kwa aphunzitsi athu, mukatipatsa mawu ofanana, chonde muzitiuzanso pamene asiyanirana, ndi anthu amene sitiyenera kuwalankhula mawu otero. Kwa inu makolo, tikabwera pa tchuthi n'kumalankhula Chingerezi chokhuthala, musafulumire kuomba m'manja. Tifunseni kuti, "Tanena m'Chichewa zimene wanenazo." Tikalephera, dziwani kuti tangonyamula katundu amene sitikudziwa za m'kati mwake.

Kalata yachiwiri kwa amalume ndidailemba m'Chichewa. Ndidafotokoza za kope langa, za mndandanda uja ndi za kupusa kwanga, ndipo ndidapepesa. Yankho lidabwera kudzera pa foni ya amayi: "Muuzeni mwanayo kuti nkhani yatha. Chingerezicho asachileke, koma azifunsa." Teremu ino atumizanso ndalama, ndipo mu uthenga wawo anenanso kuti ndi kangachepe. Ine ndawayankha kuti, "Zikomo kwambiri amalume, mwandithandiza kwakukulu."